Mphini Zitatu pa Tsaya

Ndili Fomu 2 ndinakhala masiku anayi pampando wa bambo wina wojambula nkhope, ndipo tsiku lililonse ndinkalemba m'kope langa zimene zachitika. Kopelo ndikadali nalo.

Bamboyu ankagwira ntchito kuseri kwa msika wa pamalire, m'kanyumba konunkha penti ndi parafini. Kwathu ku Mwanza aliyense anaonapo ntchito yawo ngakhale osawadziwa. Mitu ya anyamata ometa bwino ija ili pamakoma a ometa tsitsi, ndi iwo. Mayi womwetulira atanyamula mbale ya tchipisi pakhomo la lesitilanti, ndi iwo. Anayamba ali mnyamata, kulemba mawu pazitseko za magalimoto akuluakulu odikira kuwoloka kupita ku Zobue, ku Mozambique. Kenako madalaivala anayamba kuwapempha kuti awajambulire akazi awo, ndipo ntchito inakula mpaka ya maukwati. Mafoni atabwera, anthu anayamba kudzijambula okha.

"Masiku ano ndimajambula omwalira okhaokha," anatiuza choncho tsiku loyamba. "Ndi makasitomala abwino. Sadandaula kuti mphuno yakula."

Ifenso tinapitira womwalira. Amayi anga anabwera kuno ali mwana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ataberekedwa kumsana ndi achemwali awo. Achemwaliwo anamwalira patangotha chaka, ali msinkhu umene ine ndinali nawo nthawi imeneyo, ndipo sanasiye chithunzi. Tsiku lina tikutonola chimanga pakhonde, amayi anati, "Nkhope ya achemwali ikundithawa. Ndikatseka maso ndikungoona mpango wawo basi."

Pakasowa chithunzi, bamboyu ankabwereka nkhope kwa abale amoyo, chipumi kwa uyu, milomo kwa uyo. Amayi anati sipafunika kuyendayenda, ine ndinafanana nawo zonse. Ine m'kalasi sindinkakweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa, ndiye kukhala duu munthu akundiyang'anitsitsa! Koma ndinavomera.

Ndikaweruka kusukulu tinkakumana komweko. Bambo aja anakhomera nsalu ya thumba la ufa pamatabwa anayi, n'kuipaka penti yoyera. Ankayamba ndi khala, penti pambuyo. Maso awo anali atayamba kufooka, moti ankasendera pafupi mpaka ndinkamva fungo la fodya pamalaya awo.

"Mayi, mwana wanuyu akuwerenga nyerere," ankatero. "Dzutsa mutu iwe. Sindiluma, mano anatha kalekale."

Pojambula ankafunsa amayi mafunso. Ankaseka bwanji? Akakwiya ankatani? Amayi ankayankha pang'onopang'ono, ndipo ndinamva zambiri zimene kunyumba sanandiuzepo: kuti achemwali awo ankawatafunira nzimbe panjira, ndiponso kuti ankaopa achule kuposa mfuti.

Tsiku lachinayi anatembenuza chithunzi chija kuti tichione. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, manja ali pamiyendo.

"Mwajambula bwino, bambo," anatero. "Koma uyu ndi mwana wanga."

"Chasowa n'chiyani, mayi?"

Amayi anayang'ana kukhomo ngati kuli wina akumvetsera. Kenako anati motsitsa mawu, "Anali ndi mphini kumaso."

Kumudzi kwawo, mtsikana akakula ankamutema mphini zokongoletsa m'masaya. Achemwali awo atafika kuno, atsikana anzawo pachitsime ankawaseka nazo, amvekere n'zoonera othawa nkhondo. N'chifukwa chake achemwali awo ankakokera mpango kumaso. Amayi anakula osazitchula, ndipo masiku atatu oyamba aja sanazitchulenso.

Bambo aja anaika burashi pansi n'kupukuta manja pathalauza.

"Cholakwa n'changa, sindinafunse," anatero. "Zaka zonsezi anthu amangondiuza kuti chotsani chipsera ichi, tsekani mpata wa mano uwu. Dzanja langa linazolowera kufufuta. Zinali pati?"

Amayi anayesa kufotokoza, apa, ayi, chakumunsi pang'ono, koma mawu sanakwane. Bambo aja anangotola khala n'kuwapatsa.

"Lembani pa mwanayu. Ine ndionera."

Amayi anandigwira chibwano. Zala zawo zinali zozizira. Analemba mizere itatu yaifupi patsaya lamanja, itatu lamanzere. Atamaliza anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kundiyankhula m'Chinyungwe, chimene sindinawamvepo akuyankhula pamaso pa mlendo. Sindinamve mawuwo, koma ndinadziwa kuti sakuuza ine. Sindinazolike. Aka kanali koyamba kuti bambo aja asandiuze kuti ndidzutse mutu.

Anatenga kaburashi kakang'ono kwambiri, n'kumayang'ana tsaya langa, kenako nsalu, tsaya langa, kenako nsalu. Sizinatenge nthawi. Amayi atayang'ananso anagwedeza mutu.

"Eya. Ndi iwowa."

Chithunzicho tinachisiya kuti chiume, tinakachitenga Loweruka. Mpaka lero chili pabalaza, pamwamba pa wailesi, ndipo alendo akafunsa za mizereyo amayi amafotokoza okha.

Koma m'kope langa, pa tsiku lachinayi lija, ndinalemba za ulendo wobwerera kunyumba. Tili pakhomo pa kanyumba kaja amayi ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu kuti andipukute. Ndinati asiye kaye, tikapukuta kunyumba. Tinadutsa pakati pa msika, pa osintha ndalama ndi amayi ogulitsa manachesi, anthu akundiyang'ana, amayi atandigwira dzanja.