Mchira wa Mbuzi pa Foni ya a Yoweli

Inu amene munachitapo manyazi pagulu mpaka kulakalaka pansi patang'ambika, sendezani mpando. Nkhani iyi ndi yanu.

Linali Lamulungu, mapemphero atangotha, pa tchalitchi china cha ku Zemba m'boma la Chadiza. A Yoweli, mkulu wa mpingo, anaima panja pansi pa mtengo wa mango n'kukweza foni yawo m'mwamba. Kanali kafoni kakang'ono, kong'aluka pakona, komangidwa ndi labala kuti chivindikiro chisagwe.

"Abale, musabalalike," anatero. "Mwana wanga Prudence wapanga gemu ya pa foni. Yekha, ndi mutu wake."

Prudence anali ataima kumbuyo kwa amayi a chigwirizano. Ankadziwa chimene atate ake ankafuna. Chaka chapitacho iye anali atabwerako ku koleji ku Lusaka atalephera mayeso a zamakompyuta, ndipo mudzi wonse unkadziwa. A Yoweli ankafuna kupukuta manyazi amenewo pamaso pa anthu omwewo.

Gemuyo inali yosavuta kumva. Wayanika mtedza pabwalo, mbuzi zikubwera, iwe uzipirikitse ndi chala zisanaumalize. Prudence anawatumizira atate ake m'mawa womwewo, iwo atamanga kale tayi. Sanaitsegule kunyumba. Anati akaitsegulira pagulu.

Anaitseguladi. Pa sikirini panaoneka thambo lokongola, kachigawo ka nkhokwe, ndi mchira wa mbuzi. Basi. Mbuzi yeniyeniyo inatsala kunja kwa sikirini, ndipo batani lolembedwa kuti "Yambani" silinkaoneka paliponse.

A Yoweli anadina apa, anadina apo. Anatembenuza foni. Anaipukuta pa jekete. Mchira unangoti njo.

Achinyamata anagawana gemuyo pomwepo, foni ndi foni, koma zinali zomwezo. Wina anapeza miyendo, wina mimba, batani ayi.

A Manase, mlimi wa thonje wodziwika ndi pakamwa, anasuzumira pa foni ya a Yoweli.

"Akulu a mpingo," anatero, "ndiye kuti ku Lusakako anaphunzira kumchira kokha? Mutu wa mbuzi amaphunzitsa chaka chachiwiri?"

Anthu anaseka chikhakhali. A Yoweli anabweza foni m'thumba pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Panjira yobwerera anatsogola okha, osatembenuka. Prudence ankatsatira patali, misozi ikugwera pa diresi la kutchalitchi. Kulephera mayeso kunam'pweteka, koma izi zinaposa, chifukwa ulendo uno anagwetsa atate ake.

Tsono tinene chilungamo. Gemuyo sinali yoipa. Pa laputopu yake yakale mbuzi zinkathamanga bwinobwino. Chinam'gwetsa ndi chida chimene anasankha popanga nkhope ya gemuyo, kutanthauza zonse zimene wosewera amaona ndi kudina: mabatani, mawu ndi malo a mapointi.

Prudence anali m'gulu lina la pa foni la opanga magemu. Anthu a m'gululo, ambiri a m'mizinda ikuluikulu, ankaonetsana zithunzi zonyezimira zochokera mu pulogalamu ina yojambulira ya pa intaneti. Ankati akatswiri onse amagwiritsa ntchito imeneyo. Munthu wolephera mayeso akamva mawu akuti katswiri, makutu amaima. Prudence sanafunse ngati chidacho chikuyenera ntchito yake. Anangofuna kuoneka ngati anzakewo. Manyazi ndi amene anam'sankhira chida.

Ndipo anavutika nacho, musaone kuseka. Pulogalamuyo sinkayenda popanda netiweki, ndipo kwawo netiweki inkapezeka pa chulu cha kuseri kwa khola. Mtsikana ankakwera chulu ndi laputopu pamiyendo, kujambula mabatani okhala ndi mithunzi ndi timaluwa. Atamaliza, anasunga tsamba lililonse ngati chithunzi chimodzi chouma, cha muyeso wa sikirini yake yaikulu. Chithunzi choterocho sichidziwa kupinda. Chikafika pa foni yaing'ono, chimene chakwana chimaoneka, chotsala chimagwera kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dzina loti a mchira linam'mamatira. Ana akamuona akupita kumjigo ankalira ngati mbuzi. Anasiya kupita kutchalitchi. Laputopu anaikulunga m'nsalu n'kuikankhira pansi pa bedi. Atate ake sanam'kalipire, ndipo zikanakhala bwino akanam'kalipira. Ankangoti "wadzuka bwanji" n'kutenga khasu. Foni ija, imene kale ankaitulutsa paliponse, tsopano ankayankhira kuseri kwa nyumba.

Nthawi yokolola mtedza itayandikira, kunabwera azakhali ake, a Lenia, amene amagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, ku Chipata.

"Tiye ukandithandize pa shopu," anatero. "Ku Chipata palibe amene akudziwa za mchira. Zamakompyutazi zakukana, mwana wanga."

Prudence anayang'ana atate ake. A Yoweli anayang'ana pansi. Iye anamva kuti nkhani yatha, ndipo anayamba kulongedza.

A Lenia anali atabweretsa madiresi angapo oti agulitse m'mudzimo. Madzulo amenewo amayi anasonkhana pakhonde kuyesa. Panali diresi lina lofiirira limene aliyense analisirira. Wina linam'thina m'chiuno, wina linam'kwekwerera pansi, wina zipi inakana pakati pa msana. A Lenia analipinda mokwiya n'kumangitsa chitenje chawo.

"Diresi limasankha munthu," anadandaula. "Chitenje ndiye sichisankha. Wonenepa, woonda, wapakati, onse chimawakwana."

Amayi anaseka n'kupitiriza zawo. Koma Prudence mawuwo anam'tsegula maso. Iye anali atasoka diresi la foni imodzi, pomwe ku Zemba foni iliyonse ili ndi thupi lake.

Anakumbukira phunziro lina la ku koleji limene ankalipeputsa, la HTML. Mmenemo sujambula batani ayi. Umalemba malangizo: apa pakhale batani, likhale pansi, pakati, litambasuke molingana ndi sikirini. Foni iliyonse imawerenga malangizowo n'kudzimangira yokha, monga mmene mayi aliyense amamangira chitenje pa thupi lake. Nkhope za magemu ambiri zimalembedwa mwanjira yotereyi.

M'mawa anamasula chikwama.

"Azakhali, ndidikireni mpaka tikolole," anatero. "Zikakanikanso, ndibwera ndekha pa minibasi."

Sikuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda myaa. Funso linali lomwe lija: agwiritse chida chiti? Koma ulendo uno anasiya kufunsa kuti akatswiri akugwiritsa chiyani. Anayamba kufunsa za kwawo. Kodi chidachi chiyenda netiweki ikathawa? Kodi laputopu yanga yokalambayi ichinyamula? Kodi chikandipatsa zotsatira, ndidzatha kuziwerenga ndi kukonza ndekha?

Anayesa pulogalamu yaikulu yokokera mabatani ndi mbewa ya kompyuta. Laputopu inatentha ngati mbaula n'kuuma. Anayesa ina imene inkalonjeza kusandutsa zojambula zake kukhala malangizo olembedwa. Inatulutsadi, koma mizere yake inali yopiringizana kwambiri moti batani likasokonekera sankadziwa poyambira. Mtima unkam'kokerabe ku pulogalamu yonyezimira ija, pakuti chokongola sichitha msanga m'maso. Anaisiya.

Chinatsala ndi chida chimene m'gulu muja ankachiseka: kapulogalamu kolembera chabe, tsamba lakuda ndi zilembo, pambali pake kawindo koonetsa zimene walemba. Kanalibe kukongola kulikonse. Koma kankatseguka msanga, kankayenda popanda netiweki, ndipo mzere uliwonse unali wake. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Kujambula sanakusiye. Anadula katoni ya sopo pa muyeso wa sikirini ya atate ake, n'kumajambulapo ndi pensulo. Chimene sichinakwane pa katoniyo, sichinkalowa mu gemu. Timaluwa tonse tinapita. Batani analikulitsa, poganizira chala cha munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse.

Kenaka panafika povuta. Ankafunika mafoni ambiri oyesera, ndipo mafoni ambiri ali kwa Eneya, wokonza mafoni pa msika wa pa boma. Anapalasa njinga mpaka kumeneko, chipewa atachitsitsa kumaso.

"Ooo, a mchira afika!" anafuula Eneya, msika wonse n'kutembenuka. "Lero mwatibweretsera ziboda?"

Miyendo inamuuza kuti abwerere. Anaima.

"Achimwene, ndibwerekeni mafoni amene muli nawo, ndiyesere gemu yanga."

"Mafoni a eni ake satuluka pano. Ngati mukufuna, khalani pabenchipo. Koma dziwani kuti anthu aziona."

Anakhala. Ndipo anthu anaonadi. Anaona batani litakwera pamsana pa mbuzi. Anaona mawu atasefukira kunja kwa bokosi. Anaona zilembo zotuwa zitasowa padzuwa, chifukwa kwathu kuno gemu imaseweredwa panja, osati mu ofesi. Ankaseka, iye nkhope ikutentha. Koma tsopano cholakwika chilichonse chinali ndi mzere wake. Ankaupeza, kusintha mawu awiri kapena atatu, n'kuyesanso. Kale, kusuntha batani limodzi kunkafuna kukwera chulu ndi kujambulanso tsamba lonse.

Anabwera mobwerezabwereza. Oseka anayamba kuchepa, opempha kuti ayeseko n'kumachuluka. Tsiku lina Eneya anaiwala kasitomala ataima, ali kalikiliki kupirikitsa mbuzi.

Atatumiza chithunzi cha ntchito yake m'gulu lija, wina anayankha kuti, "Mukulemba pamanja? Zimenezo n'za ongoyamba kumene." Mawuwo anam'baya, tisaname. Koma anayang'ana mafoni asanu ndi limodzi amene anali pabenchi, onse akuonetsa mbuzi yathunthu, ndipo anapitiriza ntchito yake.

Inatsala foni imodzi. Imeneyo sinali kwa Eneya.

Anawapeza atate ake pakhonde akusenda mtedza woyamba. Anagwada pambali pawo.

"Atate, ndibwerekeni foni."

A Yoweli sanadzutse mutu. "Ukufuna undionetsenso mchira?"

"Ayi, atate. Ndikufuna muone mbuzi yonse."

A Yoweli anaika mtedza pansi. Kenaka anapisa m'thumba n'kumupatsa kafoni ka labala kaja. Prudence anatumizamo gemuyo. Anawabwezera osaitsegula.

A Yoweli anadina. Mbuzi inatulukira yonse, nyanga, ndevu, mpaka mchira. Pansi pake, pamalo penipeni pamene chala chawo chachikulu chinagona, panali batani lalikulu lobiriwira: "Yambani."

Anayamba. Mbuzi zinalowa pabwalo mbali zonse. Mkulu wa mpingo anaiwala ulemu wake.

"Choka! Iwe, choka apo! Aaa, yadya!"

Mtedza wa m'foni unatha wonse. Anayesanso, unathanso. Anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi mkono. Kenaka anatembenukira kwa Prudence, foni ili m'manja.

"Mwana wanga," anatero, "tsiku lija ine ndinaimirira pagulu ndi chinthu chimene sindinachiyese. Ndinkafuna a Manase atseke pakamwa. Iwe unathamangira kuoneka, inenso ndinathamangira kuoneka. Ndakhala ndikulephera kukuyang'ana chifukwa cha manyazi anga, osati ako."

Prudence analira, ndipo ulendo uno sanabise nkhope.

"Lamulungu uvale bwino," anatero a Yoweli. "Tikayendera limodzi."

Lamulungu lake sanakweze foni m'mwamba, sanaitanenso anthu. Mapemphero atatha anangopita pamene panaima a Manase n'kuwapatsa foni m'manja.

"A Manase, chaka chachiwiri chija chatha. Mutu uwu. Tetezani mtedza tione."

Mbuzi zinawadyera a Manase mtedza wonse anthu akuonerera, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Manase omwewo. Anakana kubweza foni mpaka atayesanso.

A Lenia anadikira ku Chipata, koma minibasi sinabweretse munthu. Gemuyo inayenda foni ndi foni mpaka ku Pembamoyo. Lero Prudence amalembera nkhope za magemu anthu ena a m'gulu lomwe lija, amene anazindikira mochedwa kuti makasitomala awo ambiri ali ndi timafoni ngati ka a Yoweli. Akam'funsa kuti chida chabwino n'chiti, amayankha ndi funso: "Foni yaing'ono kwambiri kwanuko ndi ya ndani? Yambirani pamenepo." Ena amasankha chida chosiyana ndi chake, ndipo iye sakangana nawo, bola ayese asanaimirire pagulu.

Ana a ku Zemba amamutchulabe kuti a mchira. Iye amavomera.

Tsono inu amene mwakulunga ntchito yanu m'nsalu n'kuikankhira pansi pa bedi chifukwa anthu anakusekani, tamverani. Mwina mutu wanu ulibe vuto. Mwina munangolola manyazi kukusankhirani chida. Itulutseni ntchitoyo, funsani mafunso a kwanu, khalani pabenchi pamene anthu akuona, ndipo konzani mzere umodzi, kenaka wina. Amene anakusekani anaona mchira chabe. Musataye mtima mbuzi yonse isanatulukire.