Mwendo Waufupi wa Waya

Pa Golomoti akuti a Lazaro ndi mfiti imene inathyola mwendo wa munthu pogwiritsa ntchito waya. Ndazimva kwa ogulitsa tomato, kwa akabaza, ngakhalenso kwa mphunzitsi wina amene ndinkayesa kuti sukulu inamuthandiza. Ine ndikukana. A Lazaro anali mmisiri wa zidole za waya wongoyamba kumene, ndipo wongoyamba kumene amalakwitsa. Wofuna kutsutsana nane ayambe wamva nkhani yonse.

Bamboyu wakalambira pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika, kukonza njinga. Kuseri kwa benchi yawo kunali mulu wa masipoko othyoka ndi mawaya a mabuleki amene eni njinga ankasiya. Tsiku lina atapita ku Mua kukazonda wodwala, anaona osema ziboliboli akugulitsa ntchito yawo kwa alendo. Kusema sankakudziwa, koma kupinda chitsulo ankakudziwa. Atabwerako anayamba kutola zitsulo m'mbali mwa msewu, kuwotcha matayala akutha kuti achotsemo waya, ndi kupota tizinthu. Tisanamizane, toyambato tinali toipa. Mbuzi yawo inkafanana ndi mpando. Kamunthu kalikonse kankapendekeka, chifukwa mwendo woyamba ankaupatsa waya wambiri, wachiwiri nkuperewera.

Pius, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ankakonda kuwaseka.

"Madala, mukuwonongeranji waya pa mbuzi? Pangani ine. Nkhope iyi ingagulike mpaka ku Salima."

Anamupangadi, chipewa cha chitsekerero cha botolo, mphuno ya vavu ya chubu. Pius ataona chidolecho anaseka mpaka misozi.

"Nanga mwendo winawu mwadyera ndiwo?"

"Waya ndi wodula, mwana wanga. Ukabweretsa sipoko ina ndidzakuwonjezera."

A Lazaro anachipachika pamtengo, ndipo msika wonse unachidziwa kuti ndi Pius.

Nyengo yokolola mpunga itafika, Pius anamanga panjinga pake matumba ochokera ku Bwanje oyenera ngolo ya ng'ombe. Pakamlatho kena njinga inatsetsereka, iye pansi, chitsulo ndi mpunga pamwamba. Fupa la mwendo linaboola khungu. Anthu anzeru akanafunsa za kulemera kwa katundu. A pa Golomoti anakumbukira chidole.

Mawa lake masana kunabwera Tiyanjane, mkulu wake wa Pius, wowotcha kanyenya, gulu lili pambuyo. Anazula chidolecho pamtengo ndi kuchikweza m'mwamba.

"Taonani mwendo uwu! Unayamba wafupika pano, kenako wathyoka uko. Iwe Lazaro, wamulodza mng'ono wanga!"

Ulemu unathera pa "iwe" ameneyo. A Lazaro anangoti, "Waya unandithera," ndipo mwala unawaphwanya mlomo. Anthu anawagwetsa, kuwaponda m'nthiti, kuwamenya ndi mapampu awo omwe. Tiyanjane anawakokera pa chitsulo chimene ankawongolerapo masipoko, anyamata awiri atapanikiza mkono.

"Dzanja lopanga anthu ndi liti? Ili?"

Hamala inatsika katatu pa dzanja lamanja. Amene analipo akuti kulira kwake sikunali kwa munthu. Kenako wina anatenga tayala pa mulu wa a Lazaro nkuwaveka m'khosi, wina anathamangira kukapopa petulo m'njinga yamoto. Kunangotsala machesi.

Mayi Sabina, akazi awo, ankakazinga mandasi kutsidya kwa msewu. Anawoloka atanyamula chiwaya cha mafuta owira, atachigwira ndi chitenje, ndipo gulu linang'ambika pakati. Anaima atatangadza thupi la amuna awo.

"Tiyanjane, yatsa. Koma nkhope yako ndiikazinga moto usanagwire. Yatsatu, mwana wa Ndaziona, ndinakusambitsa ndine!"

Wina anaponya njerwa imene inawagunda paphewa. Mafuta anakhavukira pamiyendo ya mnyamata wa petulo uja, amene anataya botolo nkuthawa akukuwa. Palibe anafunanso kukhala kutsogolo. Mmodzimmodzi anabwerera m'mbuyo, mpaka Tiyanjane anatsala yekha ndi hamala, nayenso anaitaya. Mayi Sabina anavula tayala lija okha, manja awo ali matuza.

Moyo wa a Lazaro unapulumuka, dzanja ayi. Zala zitatu sizipindikanso. Njinga sangathenso kukonza, ndipo ngakhale akanatha, palibe wowabweretsera. Ndinayembekeza kuwapeza atasiya za waya, koma ndinawapeza pakhonde atapanira sipoko pakati pa mawondo, akupota ndi dzanja lamanzere, akazi awo akuwadulira. Tsopano miyendo iwiri amaipanga ndi waya mmodzi wopindidwa pakati, ndipo tianthu tawo timaima chilili. Amatigulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku Mua, kumene ogula sadziwa mbiri yawo.

"Mumapangabe anthu odziwika?" ndinawafunsa.

"Ayi, aphwanga. Ndimapanga anthu opanda abale."

Tsono ndifunse a pa Golomoti. Ngati chidole chopendekeka chimathyola mwendo, nanga mbuzi zonse zija sizinasanduke mipando bwanji? Mfiti yotani imene imapachika chida chake pamtengo wa pamsika, dzuwa likuswa mtengo, mwini wake akuseka nawo? Ndikafunsa chonchi amandiyankha kuti sukulu yandizunguza mutu. Limenelo si yankho. Ena amati za kumidima sizifunsidwa, koma hamala ija inatsika masana, ndipo za masana ndifunsa.

Pius anatuluka m'chipatala, akuyendera ndodo, ndipo nkhaniyi safuna kuikamba. Ndinamupempha kuti angondionetsa pamene anavulala, iye anakwinya buluku. Kuchoka apo ndinapita kwa mayi Sabina, amene anatola chidole chija m'fumbi tsiku lomwelo nkuchisunga m'chitini. Ndinachiimika patebulo, mphuno ya vavu italoza kutsogolo, ndipo ndinayeza miyendo ndi ulusi.

Mwendo waufupi ndi wamanzere. Pius anathyoka wamanja.