A Zebedee Ogwira Udzudzu ku Kaporo

A Zebedee Mwalughali ankalima mpunga kuno ku Kaporo mpaka msana unawakana. Masiku ano amagwira udzudzu. Amayenda ndi tochi, kapaipi ndi makapu ophimba ndi kansalu ka neti. Akaona udzudzu pakhoma amauyamwira m'kapaipi, n'kuupemerera m'kapu uli wamoyo.

"Anzanu akuweta ng'ombe, inu udzudzu!" amawaseka a Keith a pagolosale.

A Zebedee satopa kufotokoza. Amati m'matumbo mwa udzudzu muli tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tina timalimbana ndi kachilombo ka malungo. Akatswiri amene anawalemba ntchito akufufuza kuti ndi titi, kuti mwina tsiku lina udzudzu uzidzaluma osapatsa munthu matenda.

Chaka chatha anapereka udzudzu wochepa milungu iwiri yotsatizana, ndipo akatswiriwo anawachenjeza kuti zikachitikanso ntchito ipita kwa wina. Galimoto yotenga makapu inali kubwera Lachinayi cha m'ma teni. Lachitatu anapita kwa Mayi Leticia, oyandikana nane, amene nyumba yawo yagundana ndi minda ya mpunga ndipo simusowa udzudzu. "Mawa m'mawa ndifika kwanu," anatero, "kenako kubwera alendo."

Mayi Leticia anangomva za alendozo. Analawirira kusesa, kuchotsa akangaude, kutsegula mawindo, n'kufukiza nyumba yonse ndi ndowe zouma za ng'ombe.

A Zebedee atafika anaunika kunsi kwa bedi, kuseri kwa chitseko. Anapeza udzudzu umodzi, wakufa.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndakonza m'nyumba. Mumafuna alendo alumidwe, akanene kuti Leticia ndi wauve?"

Ine ndinali pakhonde panga ndikupeta mpunga. Ndili ndi kachipinda kamene amuna anga ankasungamo makasu ndi matumba, ndipo chimwalirireni iwo sindinakasesepo. Ndinkachita nako manyazi. Koma nditaona a Zebedee atakhala pamtondo, makapu ali mbee, ndinawaitana chapansipansi: "Bambo, tadzaonani kuno."

Analowa. Patapita nthawi anatuluka ali thukuta kamukamu, ulusi wa kangaude uli m'tsitsi, makapu anayi akulira.

"Ndagha fijo, amayi!" anathokoza m'Chinkhonde. "Chipinda ichi musadzachikhudze ndi tsache!"

Galimoto itafika inapeza makapu odzaza, ndipo a Zebedee ntchito akadali nayo. Lachinayi lililonse amagogoda pakhomo panga. Mayi Leticia akawaona amasesa pabwalo pawo mwamphamvu, n'kumang'ung'udza kuti dziko lapita, uve wayamba kulandira alendo.