Njinga ya bambo inakwera basi

Chaka chimene bambo anga anadwala sitiroko ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Arcadia, ku Joni, kwa mayi wina wachizungu wamasiye. Uthenga wochokera ku Ntcheu unali woti miyendo yafa, bambo akungogona pamphasa m'nyumba, ndipo kuti aone dzuwa pamafunika amuna awiri owanyamula. Ndinalira mpaka kutopa, kenako ndinapukuta misozi n'kukagula njinga ya olumala, yakale koma yolimba. Kugula sikunavute, nkhani inali kuitumiza.

Masiku amenewo katundu wathu ankapita ndi bambo wina wa kwathu yemwe ankakhala ku Mamelodi, tonse tinkangomuti achimwene. Anali ndi galimoto ya bakki yokoka ngolo, ndipo mwezi ukatha ankanyamuka ndi mabulangeti, mawailesi ndi mafuta ophikira a anthu. Sankalengeza paliponse. Ankanyamula za anthu a kutchalitchi kwathu ndi ena odziwana nawo basi, popanda risiti, kungogwirana chanza.

Lamlungu lina ndinakwera takisi, minibasi ya kumeneko, ndi njinga yanga yopinda, anthu akundiyang'ana ndi diso lofiira chifukwa inkawagunda m'mawondo. Ndinawapeza achimwenewo akumanga zingwe.

"Eish, achemwali, malo atha," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Malo ndinkawaona ndi maso angawa, okwana mbuzi zingapo. Nditawauza zimenezo anasiya chingwe.

"Pamaliro a mlamu wanga munali kuti?"

Apo ndiye ndinadziwa kumene mphepo ikuchokera. Ku Joni mwambo wa maliro tinkaugwira molimba kuposa kumudzi. Munthu akamwalira, tonse tinkasonkhana kusiwa mpaka thupi litanyamuka, ndipo wosabwera ankadziwika. Ine sindinapite chifukwa abwana anali atangotuluka m'chipatala, panalibe wowasiyira. Chipepeso ndinatumiza.

"Chipepeso sichiimba nyimbo," anatero. "Galimoto ndi yanga, ndimanyamula amene ndamufuna."

Ndinawayankha mawu amene mayi wa Mvano sayenera kulankhula pa Sabata, ndipo mpaka lero sindinabwezeko ngakhale limodzi. Koma pobwerera mtima unali utagwa. Ukali wanga sukanawatulutsa bambo panja.

Mawa lake mwana wamkazi wa abwana, yemwe ankaphunzira zamalamulo ku Hatfield, anandipeza ndikukwecha poto ngati wandilakwira. Ndinamufotokozera zonse, n'kumuuza kuti ndikufuna munthu ameneyo akamangidwe. Anaseka pang'ono, nati bamboyo sanaphwanye lamulo lililonse. Onyamula katundu, anatero, ali mitundu iwiri. Pali amene amanyamula mwa pangano lake ndi anthu amene wawasankha yekha, ameneyo akhoza kukukana ngakhale chifukwa cha nkhope yako. Ndiye pali amene walengeza kuti amanyamula za aliyense wolipira, monga kampani ya basi. Ameneyo sayenera kukukana popanda chifukwa chomveka, ndipo katundu akasowa m'manja mwake mlandu umamugwera msanga kuposa winayo.

Basi ine ndinkaiopa. Tinkauzana kuti katundu wopanda mwini wake m'basi amamera miyendo panjira, ndiponso m'mutu mwanga munali moti chinthu chofunika chotero sungachipereke kwa munthu amene sadziwa kwanu. Koma ndikanatani? Tsiku langa lopuma ndinapita kuofesi ya basi ina yopita kwathu, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Njira yonse ndinkakonza mawu ochonderera, za miyendo ya bambo, za mphasa, za amayi amene msana unali utawavuta.

Mayi wa pakauntala sanafune ngakhale limodzi. Anaika njinga pasikelo, n'kumata chipepala, n'kufunsa dzina la wokalandira ku Blantyre, n'kundipatsa risiti. Sanandifunse kuti ndine mwana wa yani kapena ndimapemphera kuti. Ndinaima pomwepo kukamwa kuli yasa mpaka wa kumbuyo kwanga anandigunda paphewa kuti ndisunthe. Ndinakondwa, komanso zinandipweteka kuti mlendo wandichitira zimene munthu wa kwathu anandimana.

Masiku otsatirawo chakudya sichinkalowa. Foni ikalira ndinkalumpha, n'kupeza kuti ndi anzawo a abwana. Kenako tsiku lina masana, ndikusita, anaimba mlongo wanga wamng'ono, yemwe anakaitenga ku Blantyre.

"Achemwali, njinga ija inafika yonse, ngakhale kamsomali sikanasowe. Koma mwatiputira mavuto. Kuyambira m'mawa bambo akukana kulowa m'nyumba. Dikirani, akufuna akulankhuleni."

Ndinamva phokoso la nkhuku, kenako kupuma kolemera. Mawu a bambo anali okokeka, lilime likulemera, koma anali awo ndithu.

"Mwanawe, uwauze anthuwa. Asamandikankhe mothamanga ngati wilibala, ndikufuna ndizipereka moni panjira."

Ndinazimitsa simbi, ndinakhala pansi pomwepo, n'kuseka misozi ili chuchuchu.