Chotupa Chimene Chinandikonda

Amuna anga sanali munthu woipa. Ndiyambe ndi mawu amenewa chifukwa abale awo akadalipo ndipo kuwerenga amatha. Sanandimenyepo, mowa sankamwa, ana athu sanagonepo ndi njala. Koma mawu okoma, aaa, amenewo musandifunse. Munthu uja ankayendetsa takisi kuchokera m'tauni kupita kumathithi a Mosi-oa-Tunya, tsiku lonse akusekerera alendo, ndiye pofika kunyumba kuno ku Dambwa mano amakhala atatopa. Moni wawo unali wakuti, "Geti lija walisiyiranji lotsegula?" Ndiwo zikakoma ankadya mwakachetechete. Zikapanda kukoma ndiye ndinkamva mawu awo.

Ine ndine telala. Ndimasoka zikwama ndi malaya a chitenje zimene ogulitsa ziboliboli amakapachika pamisika yawo kumathithi. Pakamwa panga si pozizira, aliyense mumsewu wathu angakuuzeni. Tonse awiri ndife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito panjanji, tinakulira mpingo umodzi, ndipo akuluakulu potikwatitsa anati tidzazolowerana. Tinazolowerana ndithu: ine kulalata, iwo kukhala duu. Ana anabadwa, anakula, anapita kwawo, ife tili chomwecho.

Lachinayi lililonse kumsonkhano wa amayi a kumpingo, pempho langa linali limodzi: Mulungu afewetse mtima wa amuna anga. Ndinalipempha zaka zambirimbiri mpaka amayi anzanga analiloweza. Ndikangoimirira, wina kumbuyo ankayamba kale kunena kuti, "Afewetse, Ambuye, afewetse."

Ndiye tsiku lina m'mawa ndikuwapatsa tiyi, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amake ana, dilesi limeneli wasoka bwino. Wakongola."

Ndinacheuka kuti ndione amene walowa m'nyumba. Munalibe munthu, amanena ine.

Sizinathere pomwepo. Anayamba kundigulira maapozi. Anayamba kuimba posamba, munthu amene ngakhale m'tchalitchi ankangogwedeza milomo. Loweruka lina anati ndivale, tikupita kumathithi. Tangoganizani, zaka zonsezo akutenga anthu ochokera kutsidya la nyanja kukawaonetsa madzi aja, ine mkazi wawo ndinkangoona utsi wake uli poteropo ndikamayanika zovala. Inali nyengo imene mtsinje umadzaza. Tinanyowa mpaka mkati, duku langa linamatirira kumutu, iwo akuseka, atandigwira dzanja pamaso pa anthu. Ndisaname, ndinasangalala. Ndinasangalala ngati mtsikana wa sukulu, mayi wa zidzukulu ine.

Kumpingo anandiimika kutsogolo kuti ndichitire umboni. Ndinaufotokoza bwinobwino, ndi mchere womwe, amayi akuimba nthungululu. Kuyambira pamenepo ndinasanduka katswiri. Azimayi a amuna ovuta ankabwera pakhonde panga kudzafunsa mmene ndinkapempherera, ine phazi lili pamakina ndikuwaphunzitsa: sala kudya tsiku lakutilakuti, usatope, taona ine.

Amene sanaombe m'manja anali alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene amakhala ku Linda. Anabwera kudzacheza, anapeza achimwene awo akundithandiza kutsuka mbale. Anandikokera kuseri kwa nyumba. Iwo amalankhula Chinyanja cha m'tauni, ndipo akakwiya chimathamanga.

"Ba mulamu, aba si ba chimwene banga. Mwabadyesa chani? Ni khuzumule iyi."

Khuzumule, mankhwala aja amene akuti mkazi amathira m'ndiwo kuti mwamuna apuse. Ine! Mayi wa umboni! Ndinawauza kuti ngati sanaonepo mwamuna akukonda mkazi wake, vuto lili kunyumba kwawo, asalibweretse kwanga. Ananyamuka osamwa tiyi. Lero ndimati pa awirife, amene anayandikira choonadi anali iwo. Chinthu chinalidi chitalowa mwa munthu uja, kungoti sichinadzere m'ndiwo.

Zizindikiro zinalipo, koma munthu amene pemphero lake layankhidwa safunsa mafunso. M'mawa ankadzuka mutu ukuwawa, nthawi zina mpaka kusanza. Ndinkati ndi malungo. Tsiku lina polowa anakhulitsa mbali ya kumanzere ya galimoto pageti, geti lomwe lija ankalisamala kuposa ine, ndipo anatuluka akuseka chikhakhali. Mnzawo wa takisi anabwera kudzandinong'oneza kuti pamsewu wa kumathithi njovu zitadutsa, amuna anga anaimitsa galimoto, n'kutsika kukazipatsa moni, alendo akukuwa mkati. Ndinamuyankha kuti munthu wachimwemwe amakonda zolengedwa zonse.

Kenako masana ena anagwa pabwalo, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa. Kuchipatala cha kuno anatithandiza, n'kutitumiza ku Lusaka kuti akajambule mutu. Alamu anga anakwera nafe basi, osandilankhula njira yonse.

Dokotala wa kumeneko anali mayi wofatsa. Anatiitana ine ndi alamu anga, amuna anga ali kuwodi, n'kutionetsa chithunzi. Kutsogolo kwa ubongo, chakumanja, kunali chinthu chachikulu ngati ndimu. Anati akuganiza kuti ndi khansa ya muubongo ya mtundu waukali kwambiri, ndipo atadzapima kachidutswa kake pambuyo pake zinatsimikizika. Dzina lake ndi giliyobulasitoma. Ndinaliyeserera mpaka ndinalitha, chifukwa mdani wako uyenera kumutchula bwino.

"Kodi mwaonapo kusintha kulikonse pa khalidwe lawo?" anandifunsa dokotala.

Mayo ine, ndinawongola msana. Ndinati inde, kwambiri, Mulungu anachita zazikulu. Ndinayamba umboni wanga uja, maapozi, mathithi, mbale. Dokotala anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati mbali ya kutsogolo ya ubongo ndi imene imagwira mabuleki a munthu. Ikapanikizika, ena amasanduka aukali, ena osasamala kanthu, ena oseka ndi ofewa.

Ndinamva kutentha kumaso. "Ndiye mukundiuza kuti amene ananditcha wokongola ndi chotupa?"

"Sindinganene choncho, mayi. Chotupa sichidziwa mawu. Chimangomasula mabuleki."

Yankho limenelo silinandithandize tsiku limenelo. Ndinkangoona azimayi aja pakhonde panga, ena akusala kudya mpaka pano kuti amuna awo adwale ngati anga.

Alamu anga anali ndi funso lawo. Anafuna kudziwa chimene chinayambitsa. Ni vakudya? Anandiyang'ana. Ni foni, popeza inkakhala kukhutu tsiku lonse? Ni anthu ansanje a pasiteji ya matakisi? Dokotala anati kwa odwala ambiri palibe amene akudziwa chimene chimayambitsa khansa imeneyi. Si chakudya, si yopatsirana, si kuti wina analakwitsa kanthu. Imangoyamba. Alamu anga anatuluka atakhumudwa kuposa mmene analowera. Anabwera ulendo wonse uja ndi mlandu m'manja, ndiye akuwauza kuti wolakwa palibe.

Za chithandizo dokotala sanatinamize. Anati achita opaleshoni n'kuchotsa chimene angathe, koma chotupa chimenechi chili ngati kapinga, ukazula pamwamba mizu imatsala pansi. Pambuyo pake adzawotcha malowo ndi makina kwa milungu ingapo, ndi kuwapatsa mapiritsi amphamvu. Zonsezi si zochiza ayi, ndi zogula nthawi. Chidzabweranso. Tiziwerengera miyezi, mwina chaka ndi kanthu, osati zaka zambiri. Popanda opaleshoni, nthawiyo ikhala yochepa kwambiri.

Amuna anga atafunsidwa anangomwetulira n'kunena kuti, "Zimene anene amake ana, zomwezo." Ndiye mpira unagwera kwa ine. Ndinkadziwa chimene ndikusankha. Ndisunge munthu wokoma uyu masiku ochepa, kapena ndimupereke ku mpeni kuti andibwezere wakale uja akhale nane kanthawi. Ndinavomera opaleshoni, mwamuna si dilesi loti usankhe lokukomera. Koma ndinavomera ndili wokwiya, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire.

Atatsitsimuka, mutu uli m'mabandeji, anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Ndinawerama kuti ndimve. Anati, "Galimoto mwaisiya ndi ndani? Geti munatseka?"

Alamu anga anavina m'wodi momwemo. "Babwela! Ba chimwene babwela!" Ine ndinatuluka kukalira pakhonde. Namwino wina anandisisita paphewa n'kunena kuti misozi ya chimwemwe ndi yabwino, ndiitulutse yonse.

Tinakhala ku Lusaka kwa mwana wathu wamkazi mpaka kuwotcha kunatha. Tsitsi linathothoka mbali imodzi. Mankhwala ochepetsa kutupa muubongo anawatupitsa nkhope, masaya kuti tuu. Titabwerera ku Dambwa, anthu ankaima pageti n'kumati, "Eee, banenepa! Bachila aba!" Ndinatopa kufotokoza, ndinkangoti zikomo. Takisi anawaletsa kuyendetsa. Ankakhala pampando pakhonde tsiku lonse, ntchito yawo kuyang'anira ine. Msoko uwo wakhota. Ulusi ukuwononga. Mlendo uja watuluka osatseka geti ndipo iwe wangomuyang'ana.

Dokotala anali atandiuza zoti ndiziyang'anira: mutu m'mawa, kusanza, kufooka kwa dzanja kapena mwendo wa kumanzere, kukomoka, ndiponso kusintha kwa khalidwe. Chomalizachi ndi chimene chinandisandutsa munthu wachilendo. Ine amene ndinatha mawondo kupempha mwamuna wofewa, tsopano ndinkadzuka m'mawa mtima uli m'mwamba, kudikira kuti adandaule. Akachedwa, ndinkachita dala. Ndinkathira mchere wambiri m'ndiwo n'kukhala pambali. Akati, "Kodi mchere wa m'tauni muno wonse wathera m'mbale imeneyi?" mtima wanga unkakhala pansi, tsiku limenelo ndinkasoka ndikuimba.

Lachinayi lina ndinaimirira kumsonkhano. Wa kumbuyo uja anayamba kale, "Afewetse, Ambuye." Ndinati ayi, asafewetse, awasiye choncho, ngati n'kotheka awonjezereko. Amayi anayang'anizana. Ena anaganiza kuti nanenso ndikufunika kukajambulidwa mutu.

Koma funso lija linkandidya. Kodi munthu uyu anandikondapo, kapena ndinakondedwa ndi matenda? Kamodzi ndinayesa kuwafunsa ngati akukumbukira ulendo wa kumathithi. Anati, "Tinangonyowa chabe." Sindinafunsenso, ndinaopa kuwagenda ndi sizasi.

Mvula inabwera n'kupita, mtsinje unadzazanso, utsi wa mathithi unayambanso kuoneka tili pakhonde. M'mawa wina ndinali pamakina, iwo pampando wawo, bulangete pamiyendo. Ndinamva kuti akundiyang'ana. Ndinadikira za msoko wokhota.

"Amake ana," anatero. "Wakongola."

Phazi langa linaima lokha. Ndinadzuka kuti ndikatenge chikwama chathu cha kuchipatala, maso osaona bwino.

"Khala pansi, iwe," anatero. "Ndikudziwa zimene ukuganiza. Awa si a chotupa. Awa ndi anga. Ndakhala nawo kuyambira kalekale."

"Nanga zaka zonsezi munkawasungira ndani?" Ndinakalipa ndithu, misozi ikutsika. "Munkadikira kuti achite chiwongoladzanja?"

Anayang'ana kumsewu. "Kwathu sitinkanena zimenezo. Chinthu chija chinandionetsa kuti munthu akanena safa." Kenako anakwinya nkhope. "Komanso geti lija ndi lotsegula."

Ndinapita kukatseka geti. Chikwama ndinalongedzabe, ndipo sabata yomweyo tinakwera basi. Chithunzi chinaonetsa kuti chabwerera, mizu ija yaphuka. Dokotala anati opaleshoni ina singathandize kwenikweni, chotsala n'kuwachepetsera ululu ali kunyumba. Tinatero. Dzanja la kumanzere linayamba kufooka, kenako mwendo, kenako ankagona nthawi yambiri. Anatisiya nyengo yozizira isanathe, m'chipinda chathu, dzuwa likuwala.

Ndisanachoke ku Lusaka ulendo womaliza uja, ndinamufunsa dokotala kumbali ngati mawu a pakhonde aja anali a munthu kapena a matenda. Anati chithunzi sichionetsa zimenezo. Alamu anga, amene tsopano timamwera limodzi tiyi, amati zinali za matenda basi, achimwene awo amawadziwa. Amayi a kumpingo amati linali pemphero, linangochedwa panjira.

Aliyense anene zake. Ine ndinalipo maulendo onse awiri amene mawu aja ananenedwa. Ulendo woyamba, chotupa chili pachiwongolero, munthu uja anagunda geti n'kuseka. Ulendo wachiwiri ananditcha wokongola, n'kundituma kukatseka geti. Umboni wanga ndi womwewo, wina ndilibe, ndipo wofuna kundilanda abwere pakhonde pano adzaone pakamwa panga.