Malole a a Matewere anathawa ng'oma

Anandilanda chisakasa. Malata ake, mitengo yake, ngakhale benchi limene anthu ankakhalapo podikira kuti ndiwamatire chubu, zonse anazikweza pa ngolo ya thirakitala ine ndikuyang'ana, sipanala ili m'manja.

Inu amene mumawerenga danga lino mukudziwa kale kuti sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2 fizi itasowa, ndipo chimene chimandidyetsa ndi njinga za anthu. Chisakasa chimenecho ndinachimanga m'mphepete mwa bwalo lathu, kuno ku malayini atsopano a pa Balaka, kuseri kwa siteshoni ya sitima.

Kwa amene simunafikeko, malayini athu si mudzi wongomera. Anabwera anthu oyeza malo ndi zingwe zawo, nadula mapoloti m'mizere, nasiya tinjira pakati. Ndiye pakatikati penipeni anasiyapo malo aakulu opanda nyumba, nakhoma zikhomo za simenti m'makona mwake. Limenelo ndiye bwalo.

Kalaliki wa ku ofesi yoona za mapoloti, amene anabwera ndi thirakitala ija, anandilalikira bwino lomwe. Anati bwalo ndi la anthu onse: ana asewerepo, mphepo idutsepo, moto ukabuka mzere uno usalumphire mzere uwo. Anati palibe womangapo, palibe wogulitsirapo, palibe wogonekapo galimoto, ngakhale njinga zodikira kukonzedwa. Galimoto yaing'ono aliyense aisunge m'poloti mwake, zazikulu zili ndi malo ake kufupi ndi msewu waukulu.

Ndinasamutsira zitsulo zanga pakhonde la azakhali anga a Nachisale, kumene ndimakhala. Lamulo ndi lamulo, sichoncho?

Mvula itangokata, pabwalo paja panagona lole.

Mwini wake ndi a Matewere, a mzere wachitatu, amene amatuta nsomba zouma ku Chiuta ndi thonje kwa Kalembo. Poloti lawo analidzaza ndi zipinda za lendi mpaka m'malire, moti ngakhale wilibala iyenera kulowa chammbali. Ndiye anati lole igone pabwalo lero lokha. Lero lokhalo linabereka lole yachiwiri. Yachiwiri inaitana yachitatu, yakufa, imene anaikhazika pamiyala n'kuichotsa matayala.

Udzu unapsa ndi oili. Amayi amene ankayanika ufa pamphasa anayamba kuyanika padenga, chifukwa ufa unkamveka dizilo. Ana anasamutsira mpira wawo mumsewu. Titataya mnzathu wina wa mzere woyamba, amuna tinakhala maliro titatsamira matayala, abusa akulalikira kuseri kwa lole, mawu okha akutipeza.

Ndinapita ku ofesi. Kalaliki yemwe uja, wa ulaliki wokoma uja, anandiuza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu. Ndinabwereranso. Anati akuluakulu ali ku msonkhano. Ndinamufunsa ngati thirakitala ija inafa. Anandifunsa ngati khadi yanga ya chipani ndi ya chaka chino.

Sindikunena kuti analandira kanthu, iyayi. Ndikungonena kuti mu ofesi monse munkanunkha nsomba za makumba zowamba, pamene nyanja ili kutali.

Tsono mlungu wathawu zinafika pena. Tinadzuka n'kupeza mapolo a bulugama ndi mipukutu ya waya waminga zitatsitsidwa pabwalo, anyamata aganyu akukumba maenje kutsata zikhomo za simenti zija. A Matewere anati akufuna kuteteza katundu wawo kwa akuba.

Tonse tinadziwa chimene zimenezi zimatanthauza. Mpanda ukaima, n'kupyola dzinja limodzi uli chiimire, umasanduka malire. Chaka chamawa mumamva kuti pamenepa ndi pa a Matewere kuyambira kale, ndipo mwana wobadwa lero adzakula osadziwa kuti malayini ano anali ndi bwalo.

Nanga anthu anatani? Anang'ung'udza pamakonde. Uyu amakwera lole yomweyo ulere popita ku Liwonde, uyo mwana wake ndi wothandiza dalaivala, winayo amakhala m'chipinda cha lendi cha bambo yemweyo. Aliyense ankayang'ana mnzake kuti ayambe ndiye. Mmodzi anandiuza kuti ine ndikalankhule, popeza ndilibe choti n'kutaya. Zikomo kwambiri, achimwene.

Tsiku lomwelo azakhali anabwera ndi vuto lawo. Iwo ndi amene amatsogolera nyimbo pakati pa amayi a chipani a dera lathu, ndipo masiku ano amayiwo akukonzekera chioda choti akavine pamaso pa mlendo wamkulu amene akubwera kudzayendera boma lino. Amaphunzirira ku bwalo la sukulu, kutsidya kwa njanji. Koma bambo amene amawaimbira ng'oma dzanja linawatupa, ndipo mwa anyamata a m'malayini muno amene ng'oma imamumvera ndine. Sindikudzitama, kafunseni.

Ndinawauza kuti ng'oma ndiimba, koma pabwalo lathu.

“Iwe mwana, pamene paja pagona malole,” anatero azakhali.

Ndinati ndawaona.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akusankha mpunga. Kenaka anamanga duku, n'kutuluka kukauza anzawo kuti kuwoloka njanji tsiku ndi tsiku kwawatopetsa, pamene bwalo ali nalo pakhomo.

Madzulo a tsiku lotsatira amayi anafika m'nsalu zawo zofanana, ambiri ndithu, ena ochokera kumidzi yozungulira. Chioda chimafuna bwalo lozungulira, ovina azionana maso, amve kumene phazi la mnzawo likugwera. Apa anazungulira malole. Wa mbali ino sankamuona wa mbali iyo. Wina anaponda mu dzenje la mpanda, n'kutsala pang'ono kuthyola mwendo.

Azakhali anatuma amayi awiri kukapempha mwaulemu kuti malole asunthe. A Matewere anali pakhonde pawo akumwa tiyi. Anayankha osaimirira. Anati makiyi ali ndi madalaivala, ndipo madalaivala apita kwawo; amayi akavinire kumene amavinira masiku onse.

Apo ndiye analakwitsa. Anawayankha amayi aja monga amayankhira anthu ngati ine.

Azakhali sanakalipe. Anangondikodola ndi mutu kuti ndiyambe. Ndinaika ng'oma pakati pa miyendo, pafupi ndi lole yakufa ija, ndikuiwomba mpaka malata a lole anayamba kuyankha. Ndiye iwo anakweza nyimbo imene palibe anaimvapo, yopekera pomwepo, yofunsa kuti amayi tivinira kuti, poti bwalo lathu lagona malole, nanga mwini malole ndani? Pamene panayenera kugwera dzina, anasiyapo mpata, amayi onse n'kuwombapo m'manja.

Ndani sadziwa m'dziko muno kuti nyimbo imene amayi aiphunzira pabwalo ndi imene amakaiimba pamaso pa mlendo? Ndani sadziwa kuti munthu amene dzina lake lalowa m'nyimbo ya amayi salichotsamo ndi sopo? Mungakhale ndi malole khumi, mungamwe tiyi ndi akalaliki onse a m'boma, koma amayi akakuimbani, tulo mwatsanzikana nato.

Nyimbo inazungulira kachiwiri, m'manja mukugwa pampata paja. Kachitatu ana a m'malayini anali atayamba kuwombera nawo.

Tsono m'gulu la ovina munali mayi Matewere, akazi awo a bambo yemweyo, m'nsalu yofanana ndi anzawo. Anavina kuzungulira kumodzi nkhope ili pansi. Kenaka anatuluka mumzere, anakwinya nsalu, n'kuthamanga ulendo wa kunyumba. Zimene anakawauza amuna awo sindinazimve, ng'oma inali m'makutu. Ndinangoona kuti makiyi amene anapita ndi madalaivala apezeka m'thumba la malaya.

Lole yoyamba anaiyendetsa eni ake. Yachiwiri inakana kulira, ndipo anaikankha anthu a m'zipinda zawo za lendi, ena ali ndi sopo kumutu. Yakufa ija anaibwezera matayala mothamanga, n'kuikoka ndi chingwe. Anyamata aganyu amene dzulo lake ankakumba maenje, lero anali kuwafotsera, akusenza mapolo kubwerera nawo. Ine ng'oma sindinaileke. Ndinaiperekeza lole iliyonse mpaka inakhota pakona.

Bwalo litayera, a Matewere anabwera chipewa chili m'manja, anawerama pang'ono pamaso pa azakhali.

“Amayi, chonde, nyimboyo ithere pompano.”

“Nyimboyi ilibe dzina la munthu, bambo,” anatero azakhali akupukuta thukuta. “Kapena mukufuna tiikemo?”

Anavala chipewa chawo n'kubwerera kwawo. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinasangalala, ndisakunamizeni. Ndinadya bwino tsiku limenelo kuposa tsiku lililonse chichokere chisakasa changa. Manja anatupa, koma ndikanatha kuimba mpaka mawa.

Komabe tiyeni tikambirane, inu a m'malayini a ku Liwonde, a ku Ntaja, ndi kwina konse kumene oyeza malo anasiya bwalo pakati pa nyumba.

Vuto lathu ndi lakuti tikaona malo opanda nyumba timayesa alibe ntchito. Kumudzi malo osalimidwa amapemphedwa, munthu n'kulimapo. Ndiye tabwera nawo mtima womwewo m'tauni: paja palibe kanthu, bwanji ndiikepo njerwa zanga? Wina amayamba ndi mulu wa mchenga. Wina khola la nkhunda. Wina galimoto yakufa imene akuti adzaikonza zinthu zikadzayenda. Palibe amene amati ndikulanda. Onse amati lero lokha.

Koma bwalo si malo otsala. Analisiya dala. M'poloti mwanu mungakwane anthu a pamaliro anu? Mwana wanu akathamangira kuti, pansi pa lole? Ukwati wa mlongo wanu mukavinira mumsewu? Munthu amene wamanga poloti lake lonse mpaka kusowa poimika galimoto wadya gawo lake, ndipo tsopano akuyamba kudya lanu.

Ndipo malo a malole alipo. Ali kufupi ndi msewu waukulu, oyeza malo omwewo anawasiya. Kungoti kumeneko kumafunika mlonda, ndiponso kuyenda pansi pobwerera kunyumba. Pabwalo mlonda ndi ife tonse, aulere, amene timadzuka ndi utsi kuti bwana asayende.

Lamulo lija ndilibe nalo mlandu. Chimene chimandiwawa n'chakuti lili ndi maso akuthwa poona chisakasa cha malata ochepa, koma lole yodzaza nsomba limaipyola osaiona. Kwa ine linabwera ndi thirakitala tsiku lomwelo. Kwa a Matewere linali ku msonkhano nyengo yonse ya chilimwe.

Ndisabisenso kuti nyimbo ya amayi ndi nkhwangwa yolemera. Lero yagwera pamtengo woyenera. Sindingakonde kuti pa nkhani iliyonse ya malire tizithamangira kumeneko, chifukwa tsiku lina idzagwera munthu wosalakwa, ndipo palibe amene adzaibweze. N'chifukwa chake pali ofesi, pali mapu a malayini, pali kalaliki amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Ntchito imene anaigwira azakhali anga ndi thukuta inali yake.

Mmawa mwake kalalikiyo anabwera, atavala tayi. Anazungulira bwalo, anaponda pa chikhomo chilichonse cha simenti, n'kuuza anthu kuti ofesi yagwira ntchito yake, ndipo aliyense woimikanso galimoto pano aona zakuda. Amayi amene ankayanika ufa sanadzutse n'komwe mutu. Mmodzi anangomupempha kuti asunthe, akutchinga dzuwa.

Panopo pabwalo padzaza. Mphasa za ufa zayalidwa mbali ya kummawa, madala asamutsira bawo lawo pansi pa mthethe, ana abweza mpira kuchoka mumsewu. Pamene panatayikira oili tathirapo mchenga. Ndauza aliyense kuti tisalisiyenso lopanda munthu ngakhale tsiku limodzi, chifukwa a Matewere amadutsa pano mmawa uliwonse popita ku malole awo, ndipo amayenda akuyang'ana chammbali.

Mlendo wamkulu adzabwera, adzaona chioda, adzapita. Amayi adzapinda nsalu zawo n'kubwerera kuminda. Azakhali akuti nyimbo ija sanaitaye, aisunga. Kuno ife tili ndi podalira.

Nanga kwanuko, lole yoyamba ikadzagona pabwalo panu lero lokha, mudzalankhula tsiku lomwelo, kapena mudzadikira kuti kubwere mlendo?