Gasi wa mumjigo wa ku Buffelspoort

Ntchito imene ndinapeza ku Joni inali yovuta kuwafotokozera abale anga ku Mangochi. Ndinkangowauza kuti ndimayeza madzi. Zoona zake tinkafufuza mpweya wotchedwa haidrojeni, umene umasungunuka m'madzi a pansi pa nthaka. Suoneka, sununkha, koma ukaunjikana pamalo otsekeka, kamoto kochepa chabe kamauphulitsa.

Abwana anga anali mayi wa Chitswana, osakonda zolankhulalankhula. Ndinkawaitana kuti Mme, iwo n'kumanditcha abuti, kutanthauza mchimwene. Ine ndinkayendetsa galimoto ndi kulumikiza mapaipi. Pamjigo tinkadutsitsa madzi pang'onopang'ono m'kabotolo kagalasi momwe munali kathovu ka mpweya. Kathovuko kankatola haidrojeni wa m'madzimo, kenako Mme ankakakoka ndi jekeseni n'kukalowetsa m'makina owerenga.

M'mawa wina tinanyamuka ku Meriting, kumene ndinkachita lendi, kupita ku famu ya malalanje pafupi ndi damu la Buffelspoort. Pageti anatitsegulira mlonda, bambo achikulire a ku Ntcheu, mtchona amene anathera unyamata wawo akuboola miyala kumgodi mpaka makutu kugontha. Tinalonjerana mokuwa. Anasangalala kumva Chichewa, ndipo anati atipeza akatseka geti.

Mjigowo unali m'kanyumba ka njerwa kopanda zenera. Nditangomasula chivundikiro chake ndinamva kuti fyoo, ngati tayala laphwa, ndipo kachipangizo kochenjeza za gasi kamene Mme ankavala pachifuwa kanayamba kulira. Ndinali ndisanakamvepo kakulira.

"Ika sipanala pansi bwinobwino, abuti," anatero Mme, mawu ali pansipansi. "Isagunde chitsulo. Usakhudze swichi. Tuluka."

Pakhoma panali bokosi la magetsi a pampu. Maso anga anakakamira pamenepo. Likangothetheka, ndinaganiza, kwathu kupita bokosi lamaliro losatsegula. Tinatuluka chafutambuyo, chitseko n'kuchisiya pululu, ndipo Mme anathamangira kumunsi kwa munda kukazimitsa magetsi onse.

Ndili chiimire patali, ndinawaona madala aja akutulukira m'malalanje, tsidya lina la kanyumbako, ndudu ikufuka pakamwa.

"Bambo! Imani pomwepo! Zimitsani fodyayo!"

Anangokweza ndodo yawo akumwetulira, poganiza kuti ndikuwaitana kudzacheza, n'kuwonjezera liwiro.

Kuti ndiwapeze ndinayenera kudutsa pakhomo penipeni pa kanyumbako. Sindibisa, ndinayamba ndazengereza. Ndinaona nkhope ya mwana wanga wamkazi amene ndinamusiya akukwawa. Ndinatchula dzina la Allah, ndinabanika mpweya ngati kubanikako kungandithandize, n'kuliyatsa liwiro. Podutsa pakhomopo msana wonse unkangodikira moto.

Ndinawatsomphola ndudu ija pakamwa n'kuifinya m'manja mwanga.

"Iwe, wapenga?" anakalipa, ndodo ili m'mwamba. "Kwanu akuluakulu mumawatero?"

Ndinawakuwira m'khutu momwe amakuwira kumgodi pochenjezana: "Gasi, madala! Pasopa!"

Ndodo inagwa. Anandigwira kolala n'kundikokera m'malalanje ndi mphamvu zimene sindinkaganiza kuti akadali nazo. Sanandisiye mpaka kanyumba kaja katabisika. Pamenepo anakhala pansi, maso ali kumene tinachokera.

"Ndinanyamulapo anthu opsa ndi gasi, mwana wanga," anatero. "Ukamugwira pamkono, khungu limatsalira m'manja mwako."

Tinatchera khutu kuti timve ngati kanyumba kaja kaphulike, ngakhale iwo sakanamva kanthu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chikhatho changa chatuluka thuza.

Masana, mphepo itayeretsa m'kanyumbamo, Mme anati tiyezebe madziwo, koma tili panja ndi paipi yaitali. Ndinagwira kabotolo kaja mpaka kathovu katakokedwa ndi jekeseni. Mme anayang'ana makina, n'kutunganso kachiwiri. Anati chiyambire ntchitoyi sanapezepo haidrojeni wochuluka chotero.

Eni famu anasasula denga la kanyumbako n'kusamutsira bokosi la magetsi kutali. Titabwererako kukayezanso, madala aja anatiimitsa pageti ndi chitini m'manja. Aliyense wolowa, ngakhale mwini famu, ankayamba wasiya machesi ndi fodya m'chitinimo. Ine ndinawauza kuti sindisuta, koma anandipisabe m'matumba onse.